Chaka cha 1605 ndi bulu wa Sancho amene anasowa

Pa phunziro la mbiri ya mabuku aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe chaka chimodzi, afufuze zomwe zinkasindikizidwa ku Ulaya m'chakacho. Ine ndinatola 1605, chaka chomwe gawo loyamba la Don Quixote, buku la Miguel de Cervantes, linatuluka ku Madrid, ku Spain. Za luso la Cervantes alemba kale ambiri. Chomwe chandikoka ine ndi mmene bukulo linafikira m'manja mwa owerenga.

Nthawi imeneyo Cervantes anali ndi zaka 57, akukhala ku Valladolid, ndalama zikumuvuta. Bukulo analigulitsa kwa Francisco de Robles, wamalonda a mabuku, ndipo linasindikizidwa m'nyumba yosindikizira ya Juan de la Cuesta. Ntchito inayenda mothamanga kumapeto kwa 1604, zolakwika n'kuchuluka. Chotchuka kwambiri ndi cha bulu wa Sancho Panza, mtumiki wa Don Quixote m'nkhanimo. Pakati pa nkhani Sancho akungodandaula kuti alibe bulu, koma palibe paliponse pamene tauzidwa kuti wabedwa. Patsogolo bulu uja watulukiranso, osadziwika komwe wachokera. Posindikiza kachiwiri chaka chomwecho anawonjezeramo ndime zofotokoza, koma ya kubedwako anaiika msanga kwambiri, moti Sancho akukwerabe bulu yemwe akuti anabedwa kale! Mu gawo lachiwiri la 1615 Cervantes anaisandutsa nthabwala, Sancho mwiniwake n'kumanena kuti mwina wolemba ndiye analakwitsa, kapena osindikiza ndiwo anachita mphwayi. Pamenepa ndi pomwe ndinamukondera munthuyu.

Chilolezo cha mfumu poyamba chinkateteza bukuli kwa osindikiza ena ku Castile kokha, chigawo chimodzi cha Spain. Posakhalitsa osindikiza a ku Lisbon, ku Portugal, anatulutsa makope awoawo, ndipo Robles anachita kuthamangira kukapempha chilolezo cha Portugal ndi Aragon, chigawo china cha Spain. Amene munagulapo buku la fotokope pamsika mukudziwa kuti khalidweli silinathe.

Ku London, katswiri wa nzeru Francis Bacon anatulutsa buku la The Advancement of Learning, m'Chingerezi osati m'Chilatini, ndipo analilembera mfumu James mwaulemu wonse. Chaka chomwechonso olemba masewero Ben Jonson ndi George Chapman anaponyedwa m'ndende chifukwa cha sewero la Eastward Ho, lomwe linkanyodola anthu a ku Scotland, kwawo kwa mfumuyo. Mfumu imodzi, wina akuinyengerera, ena akulawa ukali wake.

Koma amene sindinkamudziwa n'komwe ndi Johann Carolus wa ku Strasbourg. Iyeyu ankakopera nkhani pamanja sabata ndi sabata n'kumagulitsa kwa anthu ochita bwino. Poona kuti kukopera kukudya nthawi, anayamba kuzisindikiza pa makina, ndipo ambiri amati pepala lakelo, lotchedwa Relation, ndilo nyuzipepala yoyamba yosindikizidwa. Makope akale kwambiri omwe alipobe ndi a 1609. Za 1605 timazidziwa kudzera m'kalata yomwe analembera akuluakulu a mzindawo, yopempha kuti aletse ena kukopera nkhani zake. Nkhawa yake inali yomweyo ya Robles.

N'chifukwa chake m'zolemba zanga ndapereka masamba ambiri kwa Robles, Cuesta ndi Carolus kuposa Bacon. Mnzanga wina m'kalasi akuti ndachepetsa akatswiri n'kukweza amalonda, ndipo mtsutso wathu tikaupitiriza pamaso pa aphunzitsi.