Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Chofunda cha Makapu

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapitali. Ena munalira nane, ena munandiuza za makolo anu amene akudwala matenda a sitiroko omwe anagwiranso Amayi anga, ndipo amayi ena anati anasiyira pakati kuwerenga chifukwa misozi inawatseka m'maso. Mulungu akulimbitseni mitima nonse. Koma funso limene labwera kambirimbiri ndi la chofunda chija chimaoneka kumbuyo kwanga pa chithunzi, chodzaza ndi makapu a mitundumitundu. Mwafunsa kuti ndinachigula kuti. Sindinagule ayi, ndinasoka ndekha, ndipo nkhani yake ndi imene ndabwera nayo lero, ngakhale ndikudziwa kuti achimwene ndi alamu anga aja akaiwerenga sakondwa.

Mukukumbukira kuti matenda a sitiroko anawagwira Amayi mbali ya kumanja. Adokotala anatifotokozera kuti vuto linali kumanzere kwa ubongo, pakuti mbali iliyonse ya ubongo imayendetsa mbali inayo ya thupi, ndipo kwa anthu ambiri kumanzereko n'komwe kumayendetsanso kuyankhula. N'chifukwa chake dzanja ndi mawu zinapitira limodzi. Chimene sindinakuuzeni ndi nkhani ya kapu.

M'nyumba mwathu aliyense anali ndi kapu yakeyake, ndipo panalibe ziwiri zofanana. Ya Amayi inali yobiriwira, yolemera, yokhala ndi kamng'alu pafupi ndi mlomo, ndipo ngakhale mlendo wolemekezeka bwanji sankapatsidwa imeneyo. Atatuluka m'chipatala, m'mawa woyamba ndinawathirira tiyi mu kapu yomweyo n'kuwaikira patsogolo, mtima wanga uli mbee kuti tabwerera kunyumba. Anakoka dzanja lamanja pang'onopang'ono mpaka linafika pa chogwirira. Zala zinakhudza, koma zinakana kupinda. Anazikankhira ndi dzanja linalo kuti zilowe, zinalowa, kenako zinapulumuka zokha. Ndiye anayesa ndi lamanzere, limene moyo wawo wonse silinanyamulepo kapu imeneyo. Inanyamuka pang'ono, inapendekeka, tiyi n'kukhuthukira pa diresi lawo la maluwa achikasu. Sanalire. Anayang'ana chogwirira chija nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine, milomo ikunjenjemera kufuna kutulutsa mawu amene sankabwera. Ndinati, "Amayi, musadandaule, ndipukuta," ndipo ndinathamangira kukhitchini ngati ndikukatenga kansanza. Ndinakaima kuseri kwa chitseko, nditatseka pakamwa ndi manja onse awiri kuti asandimve.

Amayi a mafizo ndi amene anatilangiza zogula kapu yopepuka ya zogwirira ziwiri, kuti dzanja lamphamvu lizinyamula, lofookalo lizingothandizira. Poyamba Amayi anaikana. Ankaikankha ndi chigongono, chifukwa ankaona kuti ndi ya makanda, ndipo ine ndinkawamvetsa. Munthu amene analera ana, kuyendetsa banja yekha Bambo atamwalira, lero apatsidwe kapu ya mwana? Tsiku limene anaigwira okha n'kumwa mpaka kutsiriza popanda dontho kugwa, anaiika pa tebulo mwamphamvu kuti go! n'kundiyang'ana ndi diso lija ankatiyang'ana nalo akapambana mkangano. Zaka zinadutsa choncho mpaka tsiku lija Amayi anatisiya, limene ndinakusimbirani kale ndipo sindifuna kulibwereza.

Katundu atagawidwa, mipando, mbale, makapu onse ndi kabati yake zinapita kwa achimwene. Ine amene ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza usiku ndinapatsidwa saka la zovala zimene alamu anasankhamo kale zabwinozabwino. Ndinapempha kapu yobiriwira yokhayo. Anandiyankha kuti, "Aa, mlamu, ija inasweka posamutsa." Ya zogwirira ziwiri anati sakudziwa komwe inapita. Sindinakangane nawo, ndinalibe mphamvu. Saka lija ndinaliponya pamwamba pa wadiropu, ndipo linakhala pamenepo mwana wanga woyamba mpaka kumaliza sukulu.

Chimene chinandichititsa kulitsitsa ndi kanema wina amene ndinaonera pa YouTube, wonena za azimayi a ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama m'dziko la America. Azimayi amenewa ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha zogwirira ntchito kumunda, chifukwa cha umphawi ndi kuzizira, ndipo mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba yaikulu ya zaluso ku Houston, kenako ku New York, anthu n'kumazigomera. Koma chimene chinandigwira mtima si kutchuka kwawoko. Ndi mayi mmodzi, Missouri Pettway, amene mu 1942 anatenga zovala za amuna awo atamwalira, mathalauza ofumbuka m'mawondo ndi malaya, n'kusoka chofunda choti azifunda. Usiku womwewo ndinakwera pa mpando n'kutsitsa saka. Ndipo sindinavutike kuganiza zoti ndisoke maluwa kapena nyenyezi. Makapu anandilanda, ndiye ndinati ndiwabweza onse pa nsalu.

Kudula kunali kowawa kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinachapa kaye zonse, zofiira pazokha chifukwa utoto wofiira umakonda kusuluka n'kudetsa zinzake, kenako ndinasita chimodzichimodzi. Nsalu yakale imanyenga. Imaoneka yabwinobwino, koma ukaikweza kuyang'anitsa kudzuwa umaona pamene yapyapyala, ndipo ukakoka pang'ono imang'ambika popanda phokoso. Zoterozo siziyenera kulowa m'chofunda, chifukwa ukachapa kawiri thonje la mkati limayamba kusuzumira. Choncho ndinkadula kumbuyo kwa masiketi, m'munsi mwa malaya, m'malo amene thupi silinkakhula kwambiri. Pomaliza linatsala diresi la maluwa achikasu. Banga la tiyi uja linali likuonekabe pamiyendo, losuluka koma losachoka. Ndinasomola thumba lake kuti ndipeze nsalu yokwanira, ndipo pansi pa thumbalo, pamene dzuwa ndi sopo sizinafikepo, maluwa anali owala ngati tsiku limene diresilo linagulidwa, pamene kwina konse anali atayera mbuu. Ndinakhala pansi ndi sizasi m'manja, osadula, mpaka kunja kunada. Ndinawaona Amayi a nthawi imene ndinali mtsikana, oyenda mothamanga, oyankhula mokweza, amene ndinali nditawaiwala chifukwa cha zaka za matenda. M'mawa mwake ndi pamene ndinadula, ndipo ndinatenga mbali zonse ziwiri, yowalayo ndi ya bangayo.

Kwa inu amene mwati mukufuna kuyesa, mverani. Anthu ambiri masiku ano amadulira kampeni ka gudumu, kamene kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979, ndipo kamafulumizadi ntchito. Ine ndinalibe, ndinachita mmene ankachitira anthu chisanafike chaka chimenecho: kudula zitsanzo pa katoni yolimba, kuzungulira ndi pensulo kuseri kwa nsalu, n'kudula ndi sizasi yakuthwa imene simadulira china chilichonse. Bokosi lililonse la kapu imodzi ndinkalipanga mainchi 12 ndi theka mbali zonse, kuti likalumikizidwa ndi anzake litsale mainchi 12. Theka limenelo limathera m'misoko, pakuti msoko wa zofunda za zigamba umakhala kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, ndipo pamenepa m'pamene pagona ntchito yonse. Msoko ukangokula ndi milimita imodzi, wadya nsalu mbali zonse ziwiri, ndiye kuti ataya mamilimita awiri. Bokosi la misoko isanu yoteroyo lafupika ndi sentimita yathunthu, ndipo silidzagwirizana ndi linzake ngakhale mulikoke bwanji. Ine ndinamata katepi pa makina anga a Singer opalasa ndi mapazi, pa mtunda woyenerawo kuchokera pa singano, kuti m'mphepete mwa nsalu muzitsata pamenepo.

Thupi la kapu ndi losavuta, ndi nsalu ya makona anayi basi, kapena timizere tingapo tolumikiza ngati zidutswa zili zing'onozing'ono. Kuti pansi pake paoneke pozungulira, mumaika kachidutswa kakang'ono ka nsalu yoyera pa kona iliyonse yam'munsi, kusoka modutsa kuchokera kona kufika kona, kudula chotsalacho, n'kutembenuza ndi simbi. Misoko muziigonetsera ku mbali ya nsalu yakuda kuti isamaonekere pa yoyera, ndipo simbi muziika n'kunyamula, osaikhwekhwereza, chifukwa nsalu yodulidwa mopingasa imatamuka. Chinanso chimene ndinaphunzira n'choti pa chofunda cha zidutswa, mtundu si umene umalamulira, koma kuwala ndi kudera kwa nsalu. Kapu ikafanana kuwala ndi nsalu yoizungulira, imasowa. Ndinkayala mabokosi pansi, kujambula ndi foni, n'kusintha chithunzicho kukhala chakuda ndi choyera. Kapu imene yazimirira pa chithunzi ndinkaipezera nsalu ina yoizungulira.

Chovuta ndi chogwirira. Ndi timizere titatu topyapyala tozungulira kachidutswa koyera, tiwiri tatifupi pamwamba ndi pansi, kamodzi kotalika pambali, ndipo tikangopotoka pang'ono kapu yonse imaoneka yopunduka. Pamenepa sindinkathamanga. Chogwirira chilichonse chimene ndinkasoka, ndinkaona zala zija zikupulumuka. Ena mwaona kale pa chithunzi kuti kapu ya pakatikati ndi yosiyana ndi zinzake, ndipo mmodzi wa inu anafunsa mwaulemu ngati ndinasokoneza. Sindinasokoneze. Ili ndi zogwirira ziwiri, ndipo yasokedwa ndi diresi lachikasu lija, pamwamba pake maluwa owala, m'munsi mwake nsalu ya banga. Yobiriwira ili pambali pake, ndinaidula ku juzi yopyapyala imene ndinaimata kaye nsalu yolimbitsa kuseri kuti isatamuke.

Mabokosi anakwana 30, asanu m'lifupi, asanu ndi limodzi m'litali, olekanitsidwa ndi timizere ta nsalu ya buluu. Chofunda chotere chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikiza: ya pansi, thonje la mkati lopatsa kutentha, ndi ya zigamba pamwamba. Ndinaziyala pansi, kuzimanga ndi mapini otseka motalikirana ngati kukula kwa chikhatho, kuyambira pakati kupita m'mbali kuti pasakhale makwinya. Kenako ndinasoka pamanja, kuzungulira kapu iliyonse, n'kuwonjezera timizere tokhotakhota ta ulusi woyera pamwamba pake, tokhala ngati nthunzi. Timizere timeneti si tokongoletsa chabe, timagwira thonje kuti lisaunjikane malo amodzi pochapa. Ntchito ya manjayi inanditengera nyengo yonse yozizira, ndipo ubwino wake ndi woti umasoka chofundacho chili pamiyendo, chikukufunditsa kale. M'mphepete ndinatseka ndi mpendero wa mainchi awiri ndi theka wopinda pawiri, chifukwa m'mphepete n'momwe mumayambira kutha.

Tsopano ndifike pa alamu anga. Ndamva zimene mwakhala mukuuza abale, zoti ndinaononga zovala za malemu zimene zikanathandiza anthu ovutika. Alamu, inu mukudziwa zimene munasiya mu saka lija. Zimene zinali zovalika ndinapereka ndekha kwa azakhali, afunseni. Zimene ndinadula ndi zija munazitcha nsanza pamaso panga. Ndipo enanu amene mukuti chofunda choterechi ndichipinde n'kuchisunga kuti chisathe, zikomo, koma ayi. Zovala zimenezi zinakhala kale mokwanira mu mdima pamwamba pa wadiropu. Ana anga amafunda, adzukulu amagonapo n'kumaloza kuti iyi ndi siketi ya agogo, ndipo chikadzang'ambika ndidzachiika chigamba china.

Achimwene atabwera kudzatiyendera, anachiona pa mpando. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza kapu ya mizeremizere ya pakona. Anaizindikira. Anali malaya awo a kusukulu, amene Amayi anawasunga pansi penipeni pa zovala zawo zaka zonsezo, opinda bwinobwino, ndipo iwo anawataya mu saka osadziwa. Maso anafiira. Anati, "Mlongo wanga, chofundachi ungandipatse?" Ndinawayankha kuti, "Achimwene, makapu enieni munatenga onse. Awa ndi anga." Koma ndinawauza kuti zidutswa zatsala zambiri, zokwanira chofunda china, ndipo makatoni a zitsanzo ndinasunga. Alamu akafuna abwere, ndiwaphunzitsa kuyambira pa msoko woyamba. Mpaka lero sanabwere, ndipo zidutswazo zidakali mu saka.

M'gawo lotsatira ndikusimbirani mmene makina omwewa anandipulumutsira ntchito itandithera, ndiponso za mnzanga uja munamufunsa, amene anandibwereka ndalama ya singano ndi ulusi pamene abale onse anali atatseka mafoni.