Nyumba ilibe munthu koma bilu ya khanso ikubwerabe

Sabata ino ku ofesi nkhani inali imodzi basi, council tax, msonkho umene khanso imalipiritsa pa nyumba, makamaka ya nyumba zopanda anthu. Ine ndimagwira ntchito kwa letting agent kuno ku England, timasaka matenanti, kutolera lendi ndi kuyendera nyumba m'malo mwa malandilodi.

Lolemba m'mawa foni yalira, bambo ena atakwiya zedi, tenanti anatuluka mwezi watha koma khanso yawatumizira bilu, akuti ndilipire chani poti mulibe munthu, ngakhale bini sikudzadza. Ndinawauza kuti pepani bwana, tenanti akatuluka kontrakiti itatha bilu imabwerera kwa mwini nyumba kuyambira tsiku lomwelo, discount ya nyumba yopanda munthu makhanso ambiri anaichotsa, ena amangopereka masabata ochepa, ndiye discount ya 25% musaiwerengere, ndi ya munthu amene akukhalamo yekha. Anangodula foni osatsanzika.

Lachitatu ndiye kunali kowawa. Mayi ena anagula nyumba pa okushoni, akuikonzakonza kuti aikemo anthu, bilu kubwera dabo. Kuyambira Epulo 2024 khanso ikhoza kuwonjezera 100% nyumba ikatha chaka chimodzi ilibe munthu ndi mipando, kale zinali zaka 2, ikafika zaka 5 ndi 200%, zaka 10 ndi 300%. Chimene mayiwa sanauzidwe n'choti nthawiyo amawerengera nyumbayo osati mwini wake, ndiye miyezi yonse imene inakhala yotseka asanaigule inagwera iwo. Anafunsa ngati angagonekemo mphwawo weekend imodzi kuti ziyambirenso, ndinaseka, ayi amayi pamafunika munthu akhalemo kupitirira masabata 6, khanso sipusa.

Mwayi wake kuyambira Epulo 2025 nyumba imene ikutsatsidwadi kuti ilowe lendi samaiikira chowonjezeracho mpaka miyezi 12, ndiye Lachinayi lonse ndinali pa kompyuta, kuika advert, kujambula screenshot, kudzaza fomu ya khanso. Bilu yanthawi zonse ija alipirabe, zimenezo ndinawauziratu asadzati ndinawanamiza.

Lachisanu ndinapita kukalandira makiyi kwina, kuwerenga mamita, kenako imelo ku khanso tsiku lomwelo yonena deti imene tenanti watuluka, chifukwa mukachedwa landilodi ndi tenanti amayamba kulozana zala pa masiku atatu okha. Fomu ya mayi aja yankho silinabwere, Lolemba ndiwaimbira a khanso.