Masangweji a pa Nchalo: dzuwa ndi limene linatilembera malamulo

Bizinesi yathu inayamba ndi kakontena ka mpunga wosasa. Mwana wanga wachiwiri, nthawi imeneyo ali Sitandade 3, anabwera nako kuchokera kusukulu kali chitsekere. "Amayi, unanunkha." Ndinali nditauphika m'mamawa womwewo. Koma amene anakhalako ku Chigwa cha Shire mu Okutobala akudziwa kuti kuno dzuwa silicheza. Kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chakudya chofunda ukachitsekera m'pulasitiki, pofika buleki chimakhala chitatembenuka.

Mawa lake ndinangomupakira chiponde pa buledi, n'kuduladula. Anzake anamulanda. Sabata isanathe, mayi wina woyandikana nafe anandiimitsa pa mjigo: "Anzathu, awanganso awiri muziwapangirako, ndizilipira Lachisanu lililonse." Umo ndi mmene tinayambira, popanda chikwangwani.

Makolo ambiri amene timawapangira amagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ena ndi aphunzitsi ndi anamwino. Amachoka pakhomo kusanache, alibe nthawi yosonkha moto wachiwiri.

Ndinalakwitsapo, osati pang'ono. Nditaona kuti zikuyenda, ndinafuna kuonetsa ukadaulo: mazira owiritsa osakaniza ndi mayonezi, tomato pamwamba. Tsiku limenelo masangweji anabwerera pafupifupi onse, buledi ali nyowe ngati wagwera m'madzi, fungo losauzika. Ndinabweza ndalama khomo ndi khomo, nkhope ili pansi. Mayonezi sanapondenso m'khitchini mwanga.

Ndiye ndinatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula firiji. Sipanapite nthawi, mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la ku Kapichira, kumtunda kwa Shire wathu yemweyu, magetsi n'kuyamba kuzimazima miyezi yambirimbiri. Firiji inasanduka kabati yosungiramo mbale. Ngongole yokha ndiyo sinazime.

Pamenepo m'pomwe ndinaphunzira kupanga zinthu zopirira dzuwa. Ndimadzuka 4 koloko. Dzira ndimalikazinga lopyapyala ndi kaanyezi, lipse bwinobwino, kenako ndimaliyala pa mbale lizizire kaye. Ukaliika la moto, nthunzi yake imanyowetsa buledi. Majarini ndimapaka mbali zonse ziwiri mpaka m'mphepete, chifukwa mafutawo ndiwo amatchinga madzi. Tomato, ngati kholo laumirira, ndimachotsa njere ndi madzi ake onse. Kabichi wodula mosalala amapirira kuposa letesi, amene amafota usanafike n'komwe pa geti la sukulu.

Koma mfumu ndi chiponde. Timasinja tokha, ndipo mtedza timausankha umodziumodzi, kutaya wofwifwa ndi wachuku, poti chukucho chimakhala ndi poizoni woononga chiwindi. Chiponde chokha chimamata kukamwa, mwana n'kumangofuna madzi, choncho ndimaikamo timagawo ta nthochi todonthezera ndimu kuti tisade. Kholo latsopano ndimalifunsa kaye ngati mwana wake amadana ndi mtedza. Alipo mmodzi amene amatuluka zidzolo, ndipo wake ndimamupangira poyamba, mpeni ndi thabwa zili zotsuka. Mapeyala akatsika kuchokera ku Thyolo nyengo yake, ana amakondwa, koma amenewo ndimapatsa okhawo a nasale amene amadya msanga.

Chinthu china chimene palibe anandiuza: mwana sadya sangweji yaikulu. Amaluma kawiri, belu lalira, waiponya m'chikwama. Ukaidula panayi amamaliza, mwinanso kusinthanitsa kagawo kamodzi ndi filizesi wa mnzake. Zimenezo ndi zawo.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buledi unatithawa. Makolo ena anasiya. Otsalawo ndinawauza chilungamo kuti masiku ena tizigwiritsa ntchito mabanzi, ndipo ana sanadandaule n'komwe.

Pofika 6 koloko dengu limakhala litamangidwa pa njinga, titafunditsa nsalu yonyowa, bambo akunyumba n'kuyamba kuzungulira m'makomo. Apongozi anga poyamba ankaseka. "Mwanawe, buledi ndi wa tiyi, mwana angakhute zimenezi?" Masiku ano madzulo amakhala pa mkeka ndi lichero pamiyendo, akusankha mtedza. Wabwinowonso wina umathera m'kamwa mwawo, ine ndimangoyang'ana kumbali.