Kompyuta yopanda adiresi imapempha bwanji adiresi?

Funso limeneli landizunguza mutu sabata yathunthu. Kompyuta ikangolowa pa netiweki imakhala ilibe adiresi ya IP (nambala yosonyeza pamene ili pa netiwekiyo), ndiye seva, kompyuta yogawa maadiresi, ikafuna kuiyankha iipeza kuti? Mawu oti DHCP, dzina la njira yogawira maadiresiwa, ndinali nditaloweza kale, koma mumtimamu ndinkadziwa kuti sindinamvetse.

Chinanditsegula maso ndi MAC. Khadi lililonse la netiweki limachoka ku fakitale lili ndi nambala yakeyake ya mabiti 48 yotchedwa MAC, yolembedwa m'magulu 6 a zilembo ziwiriziwiri. Magulu atatu oyambawo amasonyeza kampani imene inapanga khadilo, ndipo amene amawagawa ndi bungwe la IEEE. Choncho dzina kompyutayo ili nalo kale, chimene ikusowa ndi pokhala.

Ndiye imangofuulira aliyense. Uthenga wofunafuna seva, wotchedwa Discover, umachoka pa 0.0.0.0 (kutanthauza kuti ilibe adiresi) kupita ku 255.255.255.255 (kutanthauza aliyense) utanyamula MAC ija. Seva, imene imakhala ili tcheru pa port 67 (khomo lolandirira mauthengawa), imayankha ndi Offer (kulozera adiresi), kompyuta n'kutumiza Request (kuipempha), seva n'kutsimikiza ndi Acknowledge. Nditatsegula Wireshark, pulogalamu yoonera mauthenga oyenda pa netiweki, n'kuzula waya, kenako kuubwezera, mizere inayiyo inatuluka motsatizana ine ndikuona. Mtima unakhala pansi.

Adiresiyo ndi yobwereka. Theka la nthawi yake likatha, kompyuta imapempha kuti iwonjezeredwe masiku kapena maola.

Pamene ndinataya nthawi yambiri ndi pa reservation, pomwe umauza seva kuti MAC yakutiyakuti izilandira adiresi imodzimodzi nthawi zonse. Ndinayesa ndi printer, yoti anthu aziipeza malo amodzi. Ndinakopera nambala mosamala, kuzimitsa, kuyatsa, koma inabwera ndi adiresi ina. Kachiwiri chimodzimodzi. Patapita maola awiri ndi pamene ndinazindikira kuti ndalemba MAC ya polowera waya, pomwe printer ili pa Wi-Fi. Makhadi awiri, manambala awiri. Seva inalibe mlandu, inangoona mlendo n'kumupatsa adiresi iliyonse yopanda mwini.

Mafoni nawo ali ndi zawo. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, foni imadzipangira MAC yongopeka pa Wi-Fi pofuna kuti mwini wake asamalondoledwe. Ine izi ndimagwirizana nazo, ngakhale zimavutitsa woyang'anira netiweki, chifukwa nambala imene ili m'mabuku ake si imene foni ikuonetsa.

Chotsatira ndikufuna kuyesa relay, chida chopititsa uthengawo patsogolo, ndione mmene Discover imafikira kwa seva ikakhala kuseri kwa router (cholumikiza manetiweki osiyana), poti kufuula kuja sikuwoloka pamenepo.