Tinkati ndi chilungulira

Lachinayi, 21 Januwale 2021, Salima

Ndikulemba nditakhala pabenchi kunja kwa wodi, mvula ikuwaza pamalata. Chidzukireni sindinalawe kanthu, koma njala sindikuimva.

Lero ndi tsiku la 9 chiwapezereni Bambo ndi korona. Masiku onsewa maso athu anali pa kutsokomola ndi kutentha thupi basi. Amayi akhala akuwafukiza nthunzi ya masamba a bulugamu, tiyi wa mandimu ndi jinja osasowa m'kapu, ndipo dzulo mitima inayamba kukhala pansi. Anadyako nsima ya usipa, mpaka kufunsa ngati anyamata akusoka maukonde ku Senga Bay.

M'bandakucha Amayi anandigogodera. Ndinapeza Bambo atakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja pachifuwa, thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kukuzizira. "Bambo, mukumva bwanji?" Iwo amvekere, "Ndi chilungulira ichi, mwana wanga, jinja uja wandichulukira. Kagone." Ndinatsala pang'ono kukagonadi. Chinandiimitsa n'chakuti ankangosisita mkono wamanzere ndi chibwano, n'kumati zili ngati wina wawasanjika thumba la chimanga pachifuwa. Chilungulira chimawotcha, sichilemera chotero.

Aneba anatithandiza galimoto, tonse masiki kukamwa, mawindo otsegula. Tinafika kuchipatala 6 koloko isanakwane.

Kachipangizo ka pachala koyezera mpweya m'magazi kanaonetsa 89, kusonyeza kuti mpweya wachepa, pomwepo anawaika pa okosijeni. Anawapatsa asipirini kuti atafune, kenako anawamata timawaya pachifuwa kuyeza ECG, yoonetsa mmene mtima ukugundira. Adokotala, mayi wofatsa ngakhale maso awo ankaoneka kuti sanagone, anandiitanira pambali. Zimene anandiuza ndikuzilemba pano kuti ndisaiwale.

Akuti korona sathera m'mapapo. Mapapo akalephera kukoka mpweya wokwanira, mtima umathamanga kwambiri kuti thupi lisasowe mpweya, pomwe nawonso ukuperewedwa mpweya womwewo. Nthendayi imachititsanso kuti magazi aziundana msanga, ndiye kachibuma kamodzi kakatseka mtsempha wodyetsa mtima, mnofu wa pamenepo umayamba kufa. Ena mnofu wa mtimawo umatupa, zimene amati myocarditis, ndipo zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi za mtsempha wotsekeka. N'chifukwa chake akufuna akayezedwe troponin, puloteni yomwe imatayikira m'magazi mnofu wa mtima ukavulala.

Atamva kuti Bambo ali ndi BP komanso shuga, anapukusa mutu. Odwala otere ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, ndipo chomwe chandiopsa ine n'chakuti wa shuga mtima ungathe kuvulala osamva kupweteka kwenikweni. Amangobanika, kuchita nseru, chizungulire kapena kufooka kosadziwika bwino. Amayi ambiri nawonso zimawayamba choncho. Nanga munthu woti akudwala kale korona, kubanika ndi kufooka tsiku lililonse, ungasiyanitse bwanji? Ndinafunsa zimenezo. Anati chilichonse chatsopano chobwera mwadzidzidzi, kaya kulemera pachifuwa, thukuta lozizira, mtima kugunda modumphadumpha kapena miyendo kutupa, osadikira kuti kuche.

Sabata yatha, pa 12, tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Kuyambira pamenepo anthu kwathu akuopa chipatala, ati ukalowa sutuluka. Bambonso m'galimoto ankangoti tibwerere. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, koma lero akanatiphetsa munthu m'nyumba.

Madzulo ano ululu wachepa, 89 uja wafika 94. Atilembera kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo tikudikira ambulansi. Amayi abwerera kunyumba kukatenga bulangeti ndi buku la kuchipatala la Bambo, lomwe tinaiwala m'chipwirikiti cha m'mawa chija. Nesi wangotuluka kumene kudzandiuza kuti Bambo akufunsa ngati ndadya.