Intaneti yodziwa kuwerenga wotchi

Lolemba m'mawa anandiitana mayi ena amene amagwirira ntchito pakhomo. Dandaulo lawo silinali lalitali: intaneti imaduka, imabwerera yokha, kenako imadukanso. Akakhala pamsonkhano wa pa Zoom nkhope za anzawo zimangouma pasikirini, ndipo pamene azilowanso nkhani imakhala itapita kale patali.

"Achimwene, rauta imeneyi ndazimitsa n'kuyatsa mpaka ndatopa nayo," anatero. "A kampani ya intaneti akuti kwawoko zonse zili bwino."

Ndinayambira pamene tonse timayambira. Ndinasintha chingwe cha pakati pa modemu (kabokosi kolandira intaneti kuchokera ku kampani) ndi rauta (kabokosi koigawa m'nyumba), ndinayang'ana timagetsi ta pamodemu, ndinasuntha tchanelo cha Wi-Fi poti marauta a anthu oyandikana nawo anali atadzazana pamodzi. Ndinakhalapo mphindi 40, ping, kapulogalamu koyesera ngati intaneti ikuyankha, ikuyenda myaa. Ndinatsanzika ndikudziona ngati katswiri. Ndisanafike n'komwe kumene ndimapita, foni inalira: yadukanso.

Apa wolakwa ndinali ine. Ndinagwira zingwe ndisanafunse funso loyamba, lakuti imaduka nthawi yanji. Ndinawapempha kuti atenge pepala, azilemba ola ndi mphindi nthawi iliyonse ikaduka.

Lachiwiri ndinali kwina, kunyumba imene analumikiza rauta yakale kuti Wi-Fi ifike kuzipinda zakumbuyo. Marauta onse awiri amagawa ma adiresi, manambala ozindikiritsa chipangizo chilichonse pa intaneti, mafoni n'kumasokonekera kuti amvere uti. Ndinazimitsa DHCP, dongosolo logawira ma adiresiwo, pa yachiwiriyo, ntchito n'kuthera pomwepo. Madzulo mayi aja ananditumizira chithunzi cha pepala lawo: 9:14, 10:14, 11:15, 12:15, kenako 2:16. Ya 1 koloko inawadutsa ali panja. Nditangoona manambalawo tulo tinandithawa. Chingwe chothothoka sichidziwa wotchi, ndipo Wi-Fi yosokonezeka siyembekeza mphindi 60 kuti ivute. Chinthu choduka mwadongosolo chonchi chimakhala ndi chowerengera nthawi kumbuyo kwake.

Lachitatu ndinalawirira ndi laputopu ndi kaswitchi kanga kamene kamatha kukopera zonse zodutsa pachingwe china n'kuzitumiza kwa ine. Poyamba ndinalemba ipconfig /all pakompyuta ya mayiwo, kuti indionetse zonse za adiresi yake. Lease, nthawi imene kompyutayo yaloledwa kukhala ndi adiresiyo, inali ya maola 24, yooneka bwinobwino, ndipo ambiri amabwerera apa n'kunena kuti DHCP ilibe mlandu. Koma m'nyumba muli ma lease a mitundu iwiri. Ina ndi imene rauta imapereka kwa mafoni ndi makompyuta. Ina ndi imene rautayo payokha imalandira kuchokera ku kampani, kumbali ya WAN, mbali yake yoyang'ana kunja. Nditatsegula tsamba la rauta ndinapeza yachiwiriyi ili pa masekondi 3600. Ola limodzi ndendende.

Mayi anafuna kudziwa kuti lease n'chiyani. Ndinawauza kuti adiresi ya pa intaneti rauta siigula, imachita kubwereka kwa nthawi yoikika, ngati nyumba ya lendi. Malamulo ake analembedwa m'chikalata chotchedwa RFC 2131 m'chaka cha 1997, ndipo sanasiye kuti wobwereka azidikira tsiku lothamangitsidwa. Nthawi ikafika theka, rauta imapita mwakachetechete kwa seva, kompyuta ya kampani imene inaibwereka adiresiyo, kukapempha kuti ionjezere. Ikapanda kuyankhidwa imayesabe, ndipo ikafika pa 87.5 peresenti imafuulira aliyense amene angamve. Pa lease ya ola limodzi, ndiye kuti pa mphindi 30 ndi pa mphindi 52 ndi theka. Zonsezi zikakanika, nthawi ikangokwana imayenera kuisiya adiresiyo n'kuyambiranso pachiyambi ngati mlendo.

"Ndiye bwanji osangopempha bwinobwino?" anafunsa. Funso langa linalinso lomwelo.

Ndinaika kaswitchi pakati pa modemu ndi rauta, ndinatsegula Wireshark, pulogalamu yoonetsa mauthenga odutsa pachingwe, n'kusefa kuti ndizingoona mauthenga a mtundu wa UDP a pa port 67 ndi 68, makomo amene DHCP imadzera. Kenako kudikira. Gawo ili la ntchito yathu palibe amalitchula: munthu wamkulu kukhala pansi pafupi ndi soketi, maso ali pasikirini yopanda kanthu, eni nyumba akudutsa n'kumakuyang'ana ngati ukungotaya nthawi yawo. Pa mphindi 30 mzere unatulukira, DHCP Request, pempho lochokera ku rauta. Nthawi yomweyo pansi pake panabwera DHCP ACK, yankho la seva. Seva yavomera. Ndinatsala pang'ono kukhumudwa, poti ndimayembekeza kuti kampani ndiyo sikuyankha. Koma patapita kanthawi rauta inapemphanso, ngati sinamve kalikonse. ACK inabweranso. Inapemphanso. Itakwana nthawi yofuula inafuula, yankho linabwera, iyo duu. Pa mphindi 60 adiresi inachoka, n'kuyamba Discover, Offer, Request, ACK, masitepe anayi opemphera adiresi pachiyambi, ndipo ulendo uno inamva bwinobwino n'kulandira adiresi ina yatsopano. Zonsezo zinatenga masekondi ochepa chabe, koma adiresi ikasintha zolumikizana zonse zimene zinali m'kati zimafa. Kuchipinda kuja ndinamva mayi akuti, "Yapitatu!"

Nditayang'anitsitsa mizere ija ndinaona kanthu kena. Rauta imapempha ku adiresi ina, koma yankho limachokera ku adiresi inanso, ya chipangizo cha kampani chimene chimangopatsira mauthenga pakati. Firewall, mlonda wa m'rauta wosefa zolowa kuchokera kunja, imalola yankho lochokera kumene munatumiza funso. Lochokera kwina imaliona ngati mlendo wogogoda usiku. N'chifukwa chake marauta amakhala ndi lamulo lapadera lotsegulira UDP 68 kumbali ya WAN, ndipo pa OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa marauta ena, dzina lake limanena lokha ntchito yake, Allow-DHCP-Renew. Poyambira pachiyambi vutoli silioneka, chifukwa rauta ikakhala ilibe adiresi imamvetsera mwachindunji pachingwe, firewall isanaikepo dzanja. Ndinatsegula malamulo a rauta ya mayiwo. Lamulo lotere munalibe.

Usiku umenewo ndinakambirana ndi mnzanga wa ntchito yomweyi. "Aise, vuto ndi kampaniyo," anatero. "Lease ya ola limodzi n'chiyani? Auze aitalikitse, apo ayi ingoilemba adiresiyo pamanja." Sindinagwirizane naye. Lease yaifupi payokha sidula intaneti. Rauta yabwinobwino imaonjezera mphindi 30 zilizonse munthu osadziwa n'komwe, ndipo kampani ili ndi zifukwa zake, monga kufuna kuti ma adiresi osagwiritsidwa ntchito azibwerera msanga. Kuitalikitsa kukanangopangitsa kuti matendawa azioneka mwa apo ndi apo. Zolemba pamanjazo ndiye zoipiratu: seva ikaona kuti palibe akuonjezera lease, adiresiyo imaipereka kwa kasitomala wina, anthu awiri n'kumalimbirana nambala imodzi.

Lachinayi ndinapeza mwana wawo wamwamuna ali pakhomo, mnyamata wochenjera ndithu. Sanabise. Miyezi ingapo m'mbuyomo anawerenga za kukhwimitsa chitetezo cha rauta, ndipo anafufuta lamulo lililonse lololeza zinthu kulowa kuchokera kunja.

"Koma akulu, nditachotsa inkagwira bwinobwino," anatero.

Amayi ake ndi amene anamuyankha. Anakumbukira kuti kale inkaduka kamodzi patsiku, iwo n'kumangoti ndi mmene intaneti imakhalira. Zoduka ola lililonsezi zinayamba masabata atatu apitawo. Ndiye kuti lease inali ya tsiku lathunthu, masekondi 86400, mpaka kampani itaifupikitsa. Bala linalipo kale, limangobisika.

Ndinamupatsa mnyamatayo mpando kuti alibwezeretse yekha lamulolo: UDP, kulowa kuchokera ku WAN, port 68, lolani. Zina zimene anachotsa ndinazisiya, poti zambiri anachita bwino. Tinayatsanso rauta n'kukhala pansi tonse awiri pafupi ndi soketi ija. Pa mphindi 30 Request inatuluka, ACK inabwera, ndipo rauta sinapemphenso. Patsamba lake nthawi yotsala inalumpha kubwerera pa mphindi 60. Tinadikirabe mpaka ola linadutsa, ping osaphonya ngakhale kamodzi.

Lachisanu ndinakhalira kukoka zingwe kudenga la ofesi ina, fumbi lokhalokha. Cha m'ma 4 koloko mayi aja anatumiza chithunzi china cha pepala lija. Pansi pa 2:16 ya Lachiwiri panali manambala a Lachitatu, kenako awiri a Lachinayi m'mawa. M'munsi mwake munali mopanda kanthu, kupatula pamene analemba nambala ya foni ya munthu wina ali pamsonkhano.