Kamera yomwe siona nkhope

Bwana wa famuyo anandiimbira Lamulungu madzulo, mawu ali kukhosi. Akuba anali atamuyendera katatu mwezi umodzi. Ulendo woyamba anadula waya wa pampu, wachiwiri anamasula mapanelo awiri a sola, wachitatu anathawa chimanjamanja agalu atauwa. "Ndikufuna kamera ija yoona mumdima," anatero, "ndimuone nkhope ameneyu, ndikamutule kupolisi ndi manja anga." Ndinangoti chabwino bwana, tikambirana ndikafika. Mumtima ndinadziwiratu kuti pa nkhopepo tidzavutana.

Famuyo ili kupitirira pang'ono Namitete mukamalowera ku Mchinji. Amalima nthochi ndi tomato wothirira. Pampu ndi mapanelo zili kumunsi kudambo, nyumba yosungira katundu ili kumtunda. Lolemba m'mawa ndinafika ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma. Tinapeza mlonda atakhala pachitsa, madala aimvi, chibonga chili pamwendo. Titapatsana moni anayang'ana katoni yomwe mnyamata anasenza, n'kufunsa motsitsa mawu: "Ndiye ife ntchito yatha basi, eti?"

Ndinawauza kuti ayi, koma ndinaona kuti sanakhulupirire. Ndinayamba kuyeza malo, maganizo anga onse ali pa geti ndi kamsewu kolowera. Iwo anandisiya ndiyeze mpaka nditamaliza, kenako anati: "Mwana wanga, wakuba sadzera pamsewu. Tiye." Ananditengera kuseri kwa nthochi, n'kundionetsa pomwe bango linathyokathyoka, ndi mtengo wa bulugamu womwe anthu anauyala pamadzi ngati mlatho. Kanjira kake kankatulukira pa mapanelo penipeni. Ndikanatsata nzeru zanga, kamera yodula chonchija ikanamalondera geti lomwe palibe wakuba anadutsapo. Mlongoti tinaudzala pomwe madalawo analoza.

Madzulo bwana atabwera ndinaitulutsa kamera m'katoni, n'kuilumikiza ku laputopu patebulo kuti aone yekha tisanaikweze. Makamera a kampani ya Hikvision, monga imeneyi, amabwera ndi adilesi ya pa netiweki ya 192.168.1.64, ndipo yatsopano siigwira ntchito mpaka utaipatsa pasiwedi. Bwana anati ndingoika 12345 kuti asamaiwale. Ndinakana. Ndinamukumbutsa za Mirai, pulogalamu yoipa ija yomwe mu 2016 inalowa m'makamera ndi ma router (timabokosi togawa intaneti) ambirimbiri padziko lonse pongoyesa mapasiwedi omwe zipangizozo zinabwera nawo kufakitale. Anang'ung'udza, koma analemba yaitali ija kuseri kwa buku la malisiti.

Chithunzi chitabwera anakhala chete. Anaona mthunzi woyera wooneka ngati munthu, mphuno yakuda pang'ono, magalasi ake a maso ali bii ngati mabowo awiri. "Ameneyu ndine?" Ndinati ndinu. "Nanga nkhope ili kuti?"

Apa ndiye panali nkhani. Kamera wamba imadalira kuwala, kuwala kukasowa nayonso yafa. Iyi siisamala za kuwala. Chinthu chilichonse, munthu, mwala, ng'ombe, chimatulutsa cheza cha kutentha kwake chomwe maso athu saona, ndipo kamerayi imatola chezacho. Chotentha kwambiri chimaoneka choyera, chozizira chakuda. Ngakhale diso lake si galasi, ndi chinthu china chonga chitsulo chotchedwa germanium, chifukwa galasi wamba limatchinga cheza chimenechi. Kuti akhulupirire ndinazula luvala imodzi pawindo n'kuiika kutsogolo kwa nkhope ya mnyamata wanga. Mutu wonse unazimiririka. Kenako ndinamuuza mnyamatayo agwire khoma ndi dzanja, atachotsa, zala zisanu zinatsala zikuwala pakhomapo kwa kanthawi. Madala aja anaseka mpaka kugwira pamimba, amvekere, "Uwu ndiye ufiti wa azungu."

Ndinamuwerengera bwana masamu ake. Kamera yomwe anagula ili ndi timadontho 256 m'mbali ndi 192 chotsika, diso la mamilimita 7. Pa mtunda wa mamita 100, kadontho kamodzi kamaphimba malo pafupifupi masentimita 17. Ndiye kuti munthu wamkulu ataima pamenepo ndi timadontho 10 kutalika, titatu m'lifupi. Mwa timadontho titatu simungadziwe ngati ndi mphwanu kapena mlendo. Chomwe mungadziwe n'chakuti pali munthu, akuyenda, akulowera uku, ndipo mudziwa asanafike pa mapanelo, kaya kuli mwezi kaya kulibe. Kamerayi ili ndi diso lachiwiri lawamba lokhala ndi nyali yake, koma limenelo limathandiza munthu akayandikira. Sanasangalale. Anati wogulitsa sanamuuze zimenezi. Ine pa za ogulitsa ndinasiya kalekale kudabwa.

Lachiwiri linathera m'ngalande. Kuchokera ku switch, kabokosi komwe mawaya a netiweki amakumanira, m'nyumba yosungira katundu kukafika pamlongoti tinayeza mamita 130, pomwe waya wa netiweki malire ake ndi mamita 100. Tinaika kabokosi kowonjezera mphamvu pakati, m'bokosi losalowa madzi, waya yense tinamulowetsa m'paipi chifukwa makoswe a m'nthochi sasiya kanthu. Nthaka ya Okutobala ndi mwala, khasu linkangodumpha. Anyamata awiri aganyu anakumba mpaka dzuwa kupendeka. Kamera tinaikweza mamita 4 kuchokera pansi, yoweramira pang'ono kuti thambo lisadye chithunzi, ndipo tinaonetsetsa kuti dzuwa likamatuluka kapena kulowa lisalase m'diso mwake. Magetsi imalandira kudzera m'waya yemweyo wa netiweki, zomwe timati PoE. Tinakhomanso ndodo yamkuwa pansi n'kuika choteteza ku mphenzi, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala mlongoti woima wokha padambo umakhala ngati ukuitana. Pofika 5 koloko chithunzi chinali pa sikirini, mbee. Ndinapita kukagona ndili wonyada.

Cham'ma 7 koloko usiku madala anaimba. "Wailesi yanu ija ikuthima n'kuyaka, kuthima n'kuyaka."

Lachitatu lonse ndinasaka vutolo. Masana kamera inkagwira bwinobwino, osaphethira n'komwe. Ndinadula mapulagi onse n'kumanganso atsopano, ndinasintha doko pa switch, ndinakayikira kabokosi ka pakati kaja n'kuikapo kena. Palibe chinasintha. Ndinakhala mpaka mdima, ndipo ndinaona ndi maso anga: nyali ya diso lachiwiri ikangoyaka, kamera yonse inkafa, n'kudzuka patapita mphindi, n'kuyatsanso nyali, n'kufanso. Apo ndinadziwa kuti ndi njala ya magetsi. Switch inali ya 802.3at, yotha kupereka mawati 30 pa doko limodzi, ndiye mphamvu inalipo yokwanira, koma inkathera m'njira. Ndinatola kachidutswa ka waya kotsala, ndinasenda, n'kupala ndi mpeni. Mkuwa unachoka ngati penti, mkati mwayera. Aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba. Katoni yake inalembedwa Cat6, dzina la mtundu wa waya wa netiweki, ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinaigula pasitolo ina m'tauni chifukwa inali yotsikirapo mtengo. Chikomekome cha mkuyu. Aluminiyamu salola magetsi kuyenda ngati mkuwa, ndiye pa mtunda wautali kamera imalandira zotsalira, zokwana masana koma zosakwana nyali ikayaka.

Mlandu unali wanga, sindikanaukankhira kwa bwana. Lachinayi m'mamawa ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, ndinagula waya wamkuwa weniweni ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo ndinaupala ndi mpeni pakauntala pomwepo wogulitsa akuyang'ana. Mwayi wake tinali titaika paipi, moti tinangomangirira watsopano kwa wakale n'kukoka. Mnyamata wanga sanayankhule kanthu, koma ndinamuona akubisa kachidutswa ka waya wabodza uja m'thumba. Ndikhulupirira adzakaonetsa anzake.

Masana a tsiku lomwelo ndinakonza za mkati. Kamera ndinaipatsa adilesi yokhazikika kuti router ikathima n'kuyaka isasochere, n'kuilowetsa mu NVR, makina osunga zithunzi. Nthawi inali kutsogolo ndi maola 6, chifukwa imabwera itatcheredwa pa nthawi ya ku Beijing. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, ndiye tsiku la mlandu kanema akuonetsa kuti wakuba anabwera 8 koloko m'mawa pomwe anabwera 2 koloko usiku. Ndinaiika pa nthawi yathu n'kuiuza kuti izidzitchera yokha pa intaneti. Kuti bwana azionera pafoni ali kutauni, kutsegula madoko pa router sikukanatheka, chifukwa intaneti ya SIM khadi nthawi zambiri imagawana adilesi imodzi ndi anthu ochuluka. Tinadzera pa pulogalamu ya pafoni ya kampani yopanga kamerayo, ndipo ndinamutcherera chithunzi chopepuka kuti bandulo isamathe ngati madzi a m'dengu.

Usiku wa Lachinayi ndinagona pafamupo. Ndinajambula mzere pa sikirini modutsa kanjira ka m'bango kaja, kuti chilichonse chowoloka mzerewo belu lilire m'kanyumba ka mlonda. Linalira ka 23. Ndinawerenga. Agalu a pafamu pomwepo, mbuzi yosochera, kadzidzi amene anatera pa mapanelo, ndi fisi mmodzi amene anadutsa chapatali akutsimphina monga mwa kayendedwe kake. Madala anamuzindikira msanga ine ndisanaone n'komwe kuti ndi chiyani. Koma chomwe chinandizunguza mutu chinali chinthu choyera chachitali ngati munthu, choima phee m'mphepete mwa mzere, chomwe chinkaliza belu mphepo ikagwedeza bango patsogolo pake. Ndinatenga tochi kuti ndikaone. Madala anati, "Khala pansi, chimenecho ndi chulu." Chinamwa dzuwa tsiku lonse, ndipo usiku chinkalibweza pang'onopang'ono.

Panalinso nthawi ina, dzuwa litangolowa, pomwe chithunzi chonse chinachita mbuu. Nthaka, miyala ndi munthu zonse zinali zofunda mofanana, moti mnyamata wanga atayenda pafupi ndi mapanelo ankaoneka movutikira. M'nyengo yotentha zimachitika. Pofika pakati pa usiku nthaka itazizira, munthu ankawala ngati nyali. Madala anadandaulanso kuti chithunzi chimaima kamphindi kenako n'kupitiriza. Limenelo si vuto: muli kachitseko m'kati komwe kamatseka diso kuti kamera idziwongole yokha, ndipo mukaima pansi pa mlongoti mumakamva kakuti thee.

Lachisanu linali la kuphunzitsa kamera ulemu. Mzere ndinausuntha kuuchotsa pachulu. Ndinauza makinawo kukula kwa chinthu choyenera kuliza belu, ndipo kuti ndipeze muyeso wake ndinamutuma mnyamata akayende pamzerepo katatu: choimirira, chowerama, ndi chokwawa. "Iwe, kwawa ngati ukufunadi kuba," ndinamukuwira, ndipo anabwerako mawondo ali minga yokhayokha. Ndinatcheranso kuti belu lizilira chinthu chikamalowa kuchokera kudambo kokha, osati potuluka. Mbali yochenjeza za moto ndinaisiya yoyaka, chifukwa imeneyo ndi nyengo yomwe anyamata amatentha tchire posaka mbewa, ndipo moto ukalowa m'nthochi zouma masamba ungawononge kuposa wakuba. Koma ndinachita kuphimba pakona pomwe madala amaika mbaula yawo ya tiyi. Usiku umenewo belu linalira kawiri kokha, konse chifukwa cha galu wamkulu amene amakonda kuimirira ndi miyendo iwiri pampanda.

Loweruka bwana anabwera kudzalandira ntchito. Anaonera kanema wa fisi uja katatu, n'kutumizira anzake pa WhatsApp. Kenako anandikokera pambali n'kufunsa ngati tsopano angathe kuchotsa mlonda, poti foni izimuuza zonse. Ndinamufunsa kuti belu likalira 2 koloko usiku iye ali ku Area 25, adzathamangira kudamboko ndani, ndipo adzamuuza ndani kuti ichi ndi chulu, uyu ndi fisi, uyu ndi munthu. Sanayankhe. Anangofunsa mtengo wa nyali yamphamvu yoti iziyaka belu likalira, kuti diso lachiwiri lija lipeze nkhope yomwe akuifunayo. Ndinamulembera pakapepala.

Tikulongedza zida, madala anabwera ndi phava la nthochi n'kuliika m'chikwama cha mnyamata. Anandifunsa kuti batani lobwezera kanema m'mbuyo ndi liti, ndinawaonetsa kawiri, kachitatu anachita okha. Kenako analoza kumpoto kwa dambo, komwe kamera siifika, amvekere: "Akadziwa kuti kuno kuli diso, adzayamba kudzera uko. Ukabwerenso ubwere ndi waya wokwanira."